Cinsinsi ca Wodwala m'Foni

Wodwala akaululira dotolo nthenda yace, dotoloyo asunga cinsinsi. Koma foni siitero masiku onse. Akazi ambirimbiri analemba masiku ao a kumwezi ndi za pathupi m'pulogalamu ya pafoni, dzina lace Flo, pokhulupira lonjezo lakuti sizidzamveka kwina. M'caka ca 2021 boma la America linaimba eni ace mlandu wakuti anapereka zinsinsizo kwa Facebook ndi Google. Ndipo iwo analola kuti sadzaperekanso osayamba apempha mwini. Cifukwa cace, musanalembe za thupi lanu m'foni, yambani mwafunsa amene adzaziwerenga. Ndipo m'foni yobwerekana pamudzi musasiyemo za matenda. Madzi akatayika saoleka.