MLATHO WACITSULO WOTSEGUKA PAKATI

Alimi anzanga, inu mumadziwa milatho ya mitengo imene imakokoloka ndi madzi a dzinja. Sabata ino tamvani za mlatho wacitsulo umene umatseguka pakati kuti zombo zipite. Dzina lake ndi Tower Bridge, ndipo uli pa mtsinje wa Thames mu mzinda wa London ku England.

Bvuto linali lotere. Anthu a kum'mawa kwa mzindawo anacuruka nafuna poolokera, koma pomweponso ndi pamene zombo za milongoti italiitali zinali kutsitsira katundu. Mlatho wam'munsi ukadatsekera zombo njira. Wam'mwamba kwambiri, akavalo okoka ngolo akadalephera citunda cake. Tsono Bwana Horace Jones ndi Bwana John Wolfe Barry anakonza za mlatho wonyamuka. Nchito inayamba mu 1886 nitha mu 1894, koma Bwana Jones sanauone, pakuti anamwalira mu 1887.

Mutauona pa cithunzi mungayese ngwamiyala, koma iai. Mafupa ake ndi citsulo coposa matani 11,000. Miyalayo anangobveka pamwamba ngati malaya. Pakati pa nsanja zake ziwiri pali mpata wa mapazi 200, ndipo mseu wa pamenepo ngwodulidwa pawiri. Cigawo ciri conse cimalemera matani oposa 1,000.

Nanga cinthu colemera cotere cinyamuka bwanji? Inu a ngolo za ng'ombe taganizani. Mukasanja bwino matumba, ena kutsogolo ena kumbuyo kwa mawilo, munthu mmodzi atha kutukula mtengo wokokera ngolo ndi manja. Mukaunjika onse kutsogolo, goli litsamira pa khosi la ng'ombe mpaka zilonda, ndipo ndaziona kawirikawiri ng'ombe zotere m'midzi mwathu. Nzeru ya mlathowu ndi yomweyo. Cigawo ciri conse ciri ndi mcira wolemera wobisika m'cipilala ca pansi pa nsanja. Mcira ukamatsikira m'dzenje lake, mseu ukwera, ndipo makina angothandiza kukankha. Poyamba makinawo anali a nthunzi, otentha malasha, opopa madzi mwamphamvu. M'zaka za m'ma 1970 anaikamo a magetsi ndi mafuta.

Lamulo lake nlakuti combo ndico ciyamba, galimoto zidikire. Mwini combo cacikuru apereka mau tsiku limodzi cisanafike, ndipo salipira kanthu.

Mu December 1952 mlathowu unayamba kutseguka basi ya anthu iri pamwamba pake. Woyendetsa, Albert Gunter, anaona kuti kuima sikutheka, naonjeza liwiro, basi nilumpha mpatawo kukatera tsidya lina. Palibe anafa. Anampatsa mphotho ya £10.