Mawu a Pakamwa m'Minda ya Fodya ku Kasungu

Fodya wa kampopi akaloŵa m'balani, chuma chonse cha mlimi chimakhala m'manja mwa munthu wosonkha moto usiku. Masiku oyamba moto umafunika wofatsa, wosapyola madigiri 40, kuti tsamba lisanduke lachikasu; pomaliza umakwera kufika cha m'ma 70 kuti msempha wapakati uume. Tsono kapitawo akangoti "uwonjezeko nkhuni" nachoka, osanena kuchuluka kwake kapena nthaŵi yake, fodya amauma ali wobiriŵira. Ku okushoni ya ku Chinkhoma fodya wotere amagulidwa pa mtengo wolira nawo.

Chizoloŵezi cholamula mosalongosola chili ndi mbiri yake. Dziko la Rhodesia litaikidwa ziletso za malonda pambuyo pa chaka cha 1965, ulimi wa fodya udakula msanga m'zigwa za Kasungu. Esiteti za General Farming, Press Farming ndi bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority zidakopa antchito ochokera kutali, ndipo ena mwa mamanijala adali azungu a ku Rhodesia komweko, ozoloŵera Chilapalapa. Chimenechi n'chilankhulo chotumira munthu, chosapatsa mpata wofunsa. Azunguwo adapita, koma makapitawo ena kalankhulidweko adakatola.

Amene adalira kwambiri ndi matenanti olima fodya wa bale, ambiri ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Pangano lawo ndi mwini esiteti kaŵirikaŵiri lidali la pakamwa. Mtengo wa phoso, feteleza ndi khasu sunkatchulidwa poyamba. Unkatulukira pa tsiku loŵerengera, mabelo atagulitsidwa kale, ndipo munthu wogwira ntchito chaka chathunthu ankapezeka ali ndi ngongole. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021, koma lamulo silisintha lilime. Ngakhale pepala la pangano lilipo, wantchito wosadziŵa kuŵerenga amadalirabe zimene wamva.

Kapitawo wodziŵa ntchito amatchula chinthu ndi dzina lake ndi nambala yake, kenaka nkupempha wantchito kuti abwereze zimene wamva. Mawu akuti "mwamva?" n'ngachabe, pakuti mwa ulemu wathu palibe angayankhe mkulu kuti "sindinamve". Posankha fodya, amanyamula tsamba m'manja naonetsa kusiyana kwa masamba a kunsi ndi a kunsonga. Kumpoto kwa bomali, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, kumene ambiri amalankhula Chitumbuka, amapeza womasulira, sangokweza mawu ngati kuti mnzakeyo ndi gonthi.

Wantchito naye ali ndi mbali yake, poti safunsa adadya phula. Nthaŵi yofunsa za malipiro ndi pamene mbande zili ku nazale, pamaso pa mboni ziŵiri kapena a mfumu. Akadikira mpaka fodya atadindidwa pa jeke, amakhala atagwira kale ntchito yonse, ndipo mwini munda alibenso chomuumiriza kumvetsera.