Tizilombo Takudya Mafuta m'Nthaka

Kwa Chikwa, m'cigwa ca Luangwa, zigayo zambiri zimayendera dizilo, ndipo njinga zamoto zimamwa petulo. Oilo akatha nchito, ena amangomtaya kuseri kwa cigayo. Pamenepo nthaka imada bii, imanunkha, ndipo udzu sumerapo. Koma pakapita zaka kudako kumayamba kucepa. Kodi mafuta aja apita kuti? Ena auluka ndi dzuwa, ena alowa pansi, koma ena adyedwa.

Akudyawo ndiwo tizilombo tochedwa mabakiteriya. Nkosatheka kutiona ndi maso, koma m'dothi lodzala sipuni imodzi tilimo mamiliyoni ambiri.

M'mafuta muli mankhwala a mitundumitundu. Ena mwa oopsa koposa ndiwo a mtundu wa benzini, amene amadwalitsa khansa ya m'magazi. Kanthu kamodzi ka benzini kali ngati cibangiri ca mikanda 6 ya kaboni, comangidwa zolimba, copanda nsonga yoyambira kumasula. Ndico cifukwa cace mankhwalawa saola msanga. Koma mabakiteriya ena, monga a mtundu wa Pseudomonas, ali nayo nzeru yace. Amatenga okosijeni wa mu mpweya namlumikiza ku mikanda iwiri yoyandikana. Pamenepo cibangiri cimafooka, ndipo amacidula. Cikaduka cimangokhala ngati cingwe, ndipo amacidya pang'onopang'ono, kufikira citasanduka madzi, mpweya wa kaboni ndi matupi a tizilombo tatsopano. Mankhwala a zibangiri zinai kapena zisanu zolumikizana, onga a mu oilo wakuda, amatenga nthawi yaitali ndithu.

Tizilomboti sitikhuta mafuta okha, monga munthu sakhuta ndiwo zokha. Timafunanso cinyezi, mpweya ndi cakudya ca m'manyowa. M'caka ca 1989 combo cochedwa Exxon Valdez cinagunda mwala ku Alaska, m'dziko la America, ndipo mafuta anada m'magombe. Anthu anathira feteleza pa miyala yakudayo, ndipo mabakiteriya anafulumira kudya.

Momwemonso mwini cigayo angathe kuciza nthaka yace. Aigaule ndi khasu kawirikawiri kuti mpweya ulowe, asakanizemo manyowa a mbuzi kapena a nkhuku, nathirire madzi pang'ono m'cilimwe. Koma mafuta akafika m'dambo la mpunga, nkhani ibvuta. Madzi ndi dothi la makande zimatseka mpweya, ndipo tizilombo timagwira nchito mwaulesi. Mafuta otero angakhale m'matope zaka zambiri, ndipo ena angatsikire m'citsime ca pafupi.