Duŵa la Pakhomo ndi Khansa ya M'maŵere

Munthu woyenda m'tinjira ta ku Nsungwi, mu Area 25 mumzinda wa Lilongwe, sangalephere kuona kaduŵa kena komera m'mbali mwa makonde ndi m'tsinde mwa mipanda ya njerwa. Masamba ake ndi obiriŵira, osalala ngati opakidwa mafuta, ndipo duŵa lake lili ndi timasamba tisanu, pena toyera, pena tofiirira. Sikalira madzi ambiri. Ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene maluŵa ena afota, iko kamaphukabe. Kwao kwenikweni kwa kaduŵaka ndi kuchilumba cha Madagascar, ndipo akatswiri a zomera amakatchula kuti Catharanthus roseus. Eni makomo ambiri amakabzala pofuna kukongoletsa pabwalo chabe, osadziŵa kuti m'masamba ake mudachokera ena mwa mankhwala amphamvu amene madokotala amalimbana nawo ndi khansa.

Omvera ena akamva zimenezi adzati nkhani yatha: mankhwala ali pakhomo pomwe, nanga kuchipatala nkukatani? Ndiponso m'misika ya m'tauni simusoŵa ogulitsa mizu, makungwa ndi mabotolo amene amati amachiza chotupa cha m'bere. Nkoyenera tsono kufotokoza bwino kuti mtunda wochokera patsamba kukafika pamankhwala ndi wautali motani.

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo limodzi limagaŵikana kukhala aŵiri, ndipo umu ndi mmene mwana amakulira ndi mmene bala limapolera. Khansa imayamba pamene maselo ena aleka kumvera malire ao nkumangogaŵikana kosalekeza. Akatero m'bere, amaunjikana kukhala chotupa, ndipo pambuyo pake ena amasamukira m'khwapa, m'mafupa, m'mapapo ndi m'chiŵindi. Mankhwala a khansa ntchito yao ndi kutsekereza kugaŵikanako.

Mphamvu ya kaduŵa kaja idapezeka mwangozi. Anthu a ku Jamaica ankamwa madzi a masamba ake pofuna kuchiza matenda a shuga. M'chaka cha 1952 masamba ena adafika m'manja mwa dokotala Robert Noble wa pa University of Western Ontario m'dziko la Canada, ndipo iye adayesa madzi ake pamakoswe. Shuga sadatsike ai. Chimene chidachitika nchakuti maselo oyera a m'magazi, amene ali asilikali a thupi, adachepa kwambiri, makoswewo nkufa ndi matenda ena. Noble adaona kuti chinthu chimene chikupha maselo ochulukana msanga chingathenso kupha maselo a khansa. Pamodzi ndi mnzake Charles Beer adasefa masambawo kwa zaka zingapo, ndipo mu 1958 adalengeza kuti apeza mankhwala amene lero amatchedwa vinblastine. Mnzake wa mankhwalawo, vincristine, adavomerezedwa mu 1963, ndipo wathandiza ana ambiri odwala khansa, kuphatikizapo a kuno ku Malaŵi. Akatswiri a ku France, motsogozedwa ndi Pierre Potier, adasintha pang'ono kapangidwe ka mankhwala a m'duŵali napeza vinorelbine, amene amaperekedwa kwa amai odwala khansa ya m'maŵere imene yafalikira.

Apa pali mfundo imene ogulitsa mabotolo satchula. Kuti papezeke galamu imodzi yokha ya vinblastine pamafunika masamba ouma olemera makilogalamu mazana angapo. Komanso m'tsamba lomwelo muli mitundu ina yambirimbiri ya mankhwala, ina mwa iyo yoopsa, imene akatswiri amaichotsa. Munthu woŵiritsa masamba mumphika amamwa zonse pamodzi, zosafunika zochuluka, zofunika zochepa zedi. Ngakhale mankhwala osefedwa bwinowo saperekedwa ngati tiyi: amaloŵa m'thupi kudzera mumtsempha, pamlingo woŵerengedwa molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala.

Mankhwala a kumtengo amene athandiza kwambiri pakhansa ya m'maŵere ndi paclitaxel, amene poyamba ankadziŵika ndi dzina loti taxol. M'chaka cha 1962 katswiri wa zomera Arthur Barclay adasenda makungwa a mtengo wotchedwa Pacific yew m'nkhalango ya m'dera la Washington ku Amereka. Inali nthaŵi imene boma la dzikolo linkayesa zomera zikwizikwi pofunafuna mankhwala a khansa, ndipo pafupifupi zonse zidalephera. Monroe Wall ndi Mansukh Wani adapatula mankhwala a m'makungwawo, nalongosola kapangidwe kake mu 1971. Padapitanso zaka zisanu ndi zitatu kuti mai wina wofufuza, Susan Horwitz, atulukire mu 1979 mmene mankhwalawo amagwirira ntchito.

Kagwiridwe kake nkochititsa chidwi. Selo likafuna kugaŵikana, limapota timaulusi timene timakokera chuma chake mbali ziŵiri, kuti selo lililonse latsopano lilandire gawo lake. Ntchitoyo ikatha, timaulusito timamasulidwa. Mankhwala a m'duŵa la ku Madagascar amaletsa kupota kwa timaulusito. Paclitaxel amachita zosiyana: amatiumitsa kuti tisamasukenso. Njira zonse ziŵiri mapeto ake ndi amodzi, selo limakanika kugaŵikana nkufa. Koma mankhwala sasankha bwino lomwe. Amakhudzanso maselo abwino, ndipo nchifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amamva dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndipo magazi ake amayamba apimidwa asanalandire mankhwala ulendo uliwonse.

Paclitaxel adavomerezedwa ku Amereka mu 1992 pakhansa ya m'thumba la mazira, ndipo mu 1994 pakhansa ya m'maŵere. Kuchokera tsiku losenda makungwa padapita zaka 32. Mtengo wakewo ndi wakupha. Ziŵeto zimafa zikadya masamba a mitengo ya mtundu umenewu.

Nawo maiko a mu Afirika ali ndi nkhani yao. Mu 1972 Morris Kupchan wa pa University of Virginia adapeza mankhwala otchedwa maytansine m'chitsamba cha ku Ethiopia cha mtundu wa Maytenus. M'mbale za m'chipinda chofufuzira mankhwalawo ankapha maselo a khansa modabwitsa. Atayesedwa pa anthu, adapezeka kuti akuvulaza odwala koposa kuŵathandiza, ndipo adaikidwa pambali. Patapita zaka zambiri, akatswiri adapeza nzeru yomangirira mbale wake wa maytansine kumankhwala ena otchedwa trastuzumab, amene amalondola maselo a mtundu wina wa khansa ya m'maŵere monga galu alondola fungo. Motero ululu umakatulidwa pakhomo pa khansa penipeni. Mankhwala ophatikizawa adavomerezedwa mu 2013, zaka 41 chipezekereni maytansine.

Nanga mitengo ya kuno kwathu? Malaŵi ndi wolemera m'zomera za mankhwala. Jessie Williamson adalemba zambiri mwa izo m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens kumene zomera za dziko lino zimasungidwa ndi kutchulidwa maina ake. Nzeru za asing'anga si zonyozeka, pakuti ndi nzeru yotere ya anthu a ku Jamaica imene idatsegulira Noble njira, ngakhale kuti nthenda imene iwo ankaifuna si imene idagonja. Mitengo monga mvunguti, nimu ndi chammwamba yayesedwapo m'zipinda zofufuzira m'maiko osiyanasiyana, ndipo madzi ake aonetsa mphamvu pamaselo a khansa a m'mbale. Koma akulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Maytansine nayenso adapambana m'mbale. Palibe ndi umodzi womwe mwa mitengo imeneyi umene watsimikizika, poyesedwa pa odwala, kuti umachiza khansa ya m'maŵere.

Choopsa chachikulu cha botolo la pamsika mwina si zimene zili m'katimo, koma miyezi imene limadya. Chotupa cha khansa poyamba kaŵirikaŵiri sichipweteka, choncho mai amaona ngati mankhwala akumwawo akugwira ntchito, pamene nthenda ikuyenda mwakachetechete. Kafukufuku wa pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central waonetsa kuti amai ambiri amafika nthendayi itakula kale kapena itafalikira. Ofufuza a pa Yale University adapeza mu 2018 kuti amai a ku Amereka amene adakana thandizo la kuchipatala nadalira njira zina zokha, chiopsezo chao cha imfa chidakwera koposa kasanu. Chotupa chikapezeka chikadali chaching'ono, opaleshoni pamodzi ndi mankhwala zimatha kuchiza munthu kotheratu.

Mai wa ku Nsungwi amene wamva kanthu kolimba m'bere kapena m'khwapa, kapena waona nsonga ya bere italoŵa m'kati, magazi akutuluka kunsongako, kapena khungu litachita timaenje ngati khoko la lalanje, ayenera kuyambira kuchipatala cha Area 25, ndipo a m'maboma ena kuchipatala chimene ali nacho pafupi. Zotupa zambiri za m'bere si khansa, koma maso ndi manja okha sangathe kusiyanitsa. Kumeneko angamtumize ku Kamuzu Central, kumene madokotala amatapa kachidutswa ka chotupacho nkukapima m'chipinda chopimira chimene chidatsegulidwa mu 2011. Pachipatala chomwecho pali National Cancer Centre, ndipo paclitaxel ndi amodzi mwa mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kumeneko. Wodwala amene akumwa mankhwala azitsamba aŵauze madokotala mosabisa, chifukwa zitsamba zina zimalemetsa chiŵindi ndi impso, zomwe zili ziŵalo zimene zimasefa mankhwala a khansa m'thupi. Abambo nawonso amadwala khansa ya m'maŵere, ngakhale kuti ndi oŵerengeka, ndipo njira yao ndi yomweyo.