MLONDA WA PAGOLO: NCHITO YOSOWA WOYAMIKA

Pitani madzulo pa bwalo la fumbi ku Lilayi kapena ku Kabwata, mukaone anyamata pogawana malo a mpira. Aliyense afuna kutsogolo, kumene kuli kumwetsa zigoli ndi kuomberedwa m'manja. Pagolo amakankhirapo wamng'ono kapena wolemera miyendo. Ngakhale ku America, m'masewera a baseball, munthu wonjuta kumbuyo kwa womenya, atavala cophimba kumaso, ndiye apweteka maondo ndi zala powakha mipira yoponyedwa mwamphamvu.

Komatu dziko lathu laona amuna amene anaikweza nchito imeneyi. Mmodzi ndiye David Efford Chabala, wobadwa m'caka ca 1960, amene anagwira pagolo pa Mufulira Wanderers ndi pa timu ya dziko. Pa masewera a Olympics a 1988 ku South Korea, Zambia inagonjetsa Italy 4-0. Pakamwa pa anthu panali Kalusha Bwalya, womwetsa zigoli zitatu, koma amene anatseka khomo tsiku lija ndi Chabala. Patangopita masiku ocepa, West Germany inammwetsa zigoli zinayi. Iye sanathawe pagolo, pakuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mu 1990 ku Algeria anathandiza timu kutenga malo acitatu mu Africa.

Usiku wa pa 27 April 1993, ndege yonyamula timu kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, pakati pao osewera 18, kuphatikizapo Chabala ndi mlonda mnzake Richard Mwanza. Anagonekedwa pafupi ndi Independence Stadium muno mu Lusaka. Mizimu yao iuse mumtendere.

Papita zaka 19, mwana wa mu Lusaka, Kennedy Mweene, anagwira penate ya Asamoah Gyan wa ku Ghana mu semifainolo. Pa 12 February 2012, ku Libreville komweko, sanalole cigoli kwa Côte d'Ivoire kwa mphindi 120, namwetsa yekha penate imodzi pamene Zambia inatenga cikho pa 8-7.

Womwetsa zigoli akaphonya kasanu, cimodzi cimamfafanizira zonse. Mlonda akapulumutsa kakhumi, cimodzi cimamyipitsira dzina. Makolo anzanga, mwana wanu akabwera ndi zigongono zosupuka nati amuika pagolo, musamseke. Mufunseni kuti wagwira ingati lero.