Sukulu ya mateche yomwe idasula Chuck Norris

Amene adakulira m'nyumba zoonetsera vidiyo sangamuiwale Chuck Norris, mzungu wa mateche yemwe adachita zibakera ndi Bruce Lee mufilimu ya Way of the Dragon ya 1972. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti luso lakelo gwero lake ndi bambo wina wogwira ntchito kunjanji m'dziko la Korea.

Bamboyu ndi Hwang Kee, yemwe adabadwa m'chaka cha 1914, Korea ili pansi pa ulamuliro wa Japan. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ntchito ya njanji idamutengera ku Manchuria, m'dziko la China, komwe m'chaka cha 1936 adayamba kuphunzira kamenyedwe ka Chitchaina. Atabwerera kwawo, adawonjezera luso lake powerenga mabuku a karate.

Ulamuliro wa Japan utatha mu 1945, Hwang adatsegula sukulu yake mumzinda wa Seoul pa 9 November chaka chomwecho. Adaitcha Moo Duk Kwan, kutanthauza nyumba yophunziriramo kumenya pamodzi ndi khalidwe. Masewerowo adadziwika ndi dzina loti Tang Soo Do.

Mmodzi mwa ophunzira ake adali Shin Jae-chul, yemwe adakaphunzitsa kumalo a asilikali a ndege za nkhondo ku Osan. Kumeneko ndi komwe adakumana ndi Norris, mnyamata amene adalowa usilikali wa America mu 1958. Choncho Hwang adasula Shin, ndipo Shin adasula Norris.

Koma zinthu sizidayende myaa. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, boma la South Korea lidafuna kuti sukulu zonse za masewerowa zikhale pansi pa dzina limodzi la taekwondo. Hwang adakana. Iye adali atapeza buku lakale la Muye Dobo Tongji, la m'chaka cha 1790, lofotokoza kamenyedwe ka makolo a ku Korea, ndipo mu 1960 adapatsa masewero ake dzina loti Soo Bahk Do.

Kukanaku kudamupweteketsa. Mu 1965 sukulu idagawikana, ophunzira ake ambiri akuluakulu nkulowera ku taekwondo. Nkhani idafika mpaka kubwalo lalikulu la milandu, lomwe mu 1966 lidagamula mokomera Hwang. Ngakhale zidali choncho, taekwondo ndi yomwe idatchuka, mpaka mu 2000 idayamba kupikisanidwa ngati masewero ovomerezeka a Olympics ku Sydney.

Chomwe Hwang adasunga ndi mzere wa aphunzitsi. Aliyense wofika pamlingo wa ukadaulo kusukuluyi amapatsidwa nambala yakeyake yotchedwa Dan Bon, yomwe imalembedwa m'kaundula. Nambalayi imaonetsa wamkulu ndi wamng'ono, monga momwe mwana amadziwira malo ake pamtundu. Munthu sangangodzuka nkumadzitcha kadaulo, chifukwa kaundula amuyalutsa.

Akadaulowa savalanso lamba wakuda. Amavala wabuluu woderapo, chifukwa malinga ndi chiphunzitso cha sukuluyi mtundu wakuda umatanthauza mathero, pomwe kuphunzira kulibe pothera.

Shin adasamukira ku America mu 1968 ndipo mu 1982 adayambitsa bungwe lakelake la World Tang Soo Do Association. Iye adamwalira mu 2012. Hwang naye adatisiya mu July 2002, ndipo utsogoleri wa sukuluyi udapita kwa mwana wake, Hwang Hyun-chul.

Lero nthambi za mtengowu nzambiri ndipo sizigwirizana pa zonse. Komabe funso lomwe zimafunsa mlendo wodzitama kuti amatha mateche ndi limodzi: adakuphunzitsa ndani? Nalo kholo lisadapereke mwana kwa mphunzitsi wa masewerowa, silingalakwe kufunsa funso lomweli.