TINTHU TATING'ONO TIMENE TINASUNGA MABANJA M'KOMBONI PA MLIRI WA COVID-19

Pa 18 Marichi 2020, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi matenda a COVID-19 muno m'Zambia. Patangopita masiku awiri masukulu onse anatsekedwa. Posakhalitsa malo omwerako mowa anatsekedwanso, ndipo Boma linalamula kuti pa misonkhano ndi pa maliro pasamapitirire anthu 50.

Malangizo amene anali kumveka pa wailesi anali osabvuta kumva: kukhala panyumba, kusamba m'manja ndi sopo kawirikawiri, kutalikirana, ndi kugoneka wodwala m'cipinda cayekha. Koma m'makomboni a mu Chipata monga Mchini, Nabvutika ndi Kapata, kumene banja lonse limagona m'nyumba ya zipinda ziwiri, madzi ali ocita kugula, ndipo ndiwo za madzulo zimadalira malonda a tsiku lomwelo, malangizowa anali olemera kuwasenza. Mabanja ambiri anapyola nyengo imeneyo cifukwa ca tinthu tating'ono timene anthu anali kucitirana, ndipo tinthu timeneti ndi timene ambiri amakumbukira ndi kuyamikira mpaka lero.

Madzi pakhomo

Cinthu coyamba kusintha cinali pakhomo. Pa tuntemba, pa misika ndi pa makomo a machalichi panaikidwa zidebe zokhala ndi mpopi, zimene ku Lusaka amati mabaketi a Kalingalinga. Amene analibe ndalama yogulira cidebe cotere anaboola cigubu, nacimangirira pa mtengo, sopo ali lende pa cingwe.

Kusamba m'manja kwa masekondi 20 kumafuna madzi, ndipo cigubu ca malita 20 sicicedwa kutha m'nyumba ya anthu ambiri. Apa ndi pamene anansi anaonetsa umunthu wao. Mnyamata wopita kukatunga anali kunyamulako cigubu ca agogo a nyumba yoyandikana, kuti okalambawo asakaime pa mzere. Mai wogula sopo wamtali anali kudulako cidutswa ca mnzace. A zaumoyo anali atafotokoza kale kuti okalamba ndi anthu odwala shuga, BP kapena mtima ndi amene matendawa amawagwetsa msanga, motero cigubu cimodzi cotungidwa ndi mwana wa mnansi cinali citetezo ceniceni.

Anthu amene amamwa ma ARV ali ndi cao coyamikira. M'caka ca 2020 makiliniki anayamba kupereka kwa ambiri mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, kuti asamadzazane pa mabenchi. Izi zinapulumutsa ndalama ya ulendo ndi masiku a nchito.

Wodwala m'nyumba ya zipinda ziwiri

Nthawi yowawa koposa inafika mu Juni ndi Julayi 2021, pamene mtundu wa kacilombo wa Delta unafalikira. Zipatala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unali wobvuta kupeza, masukulu anatsekedwanso. Odwala amene sanali obvutika kwambiri anali kusamalidwa kunyumba.

M'nyumba zopanda cipinda capadera, citenje comangidwa pa cingwe cinasanduka cipupa. Wodwala anapatsidwa kapu, mbale ndi supuni zakezake. Munthu mmodzi yekha ndi amene anali kumuyandikira, atabvala masiki osokedwa ndi telala wa pamsika, pamene ana anali kukagona kwa amalume kapena kwa azakhali. Ngakhale inali nyengo yozizira, mawindo anafunika kukhala otsegula, pakuti kacilomboka kamayenda ndi mpweya umene wodwala amapuma, ndipo kamaunjikana m'cipinda cotseka. Windo lotsegula linali ndi phindu linanso: mbaula ya malasha m'nyumba yotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Mabanja ambiri anali kufukiza odwala ndi masamba a bulugamu ndi kuwamwetsa ndimu ndi jinja. Nthunzi imatsegula mphuno kwa kanthawi, koma siipha kacilombo, ndipo madzi owira angathe kutentha munthu koopsa, makamaka ana. Cimene cinathandiza odwala ndi kupumula, kumwa madzi ambiri, kudya phala ngakhale pakamwa palibe kukoma, ndiponso kukhala ndi womuyang'anira wodziwa nthawi yothamangira ku cipatala: wodwala akayamba kubanika, kumva kupweteka pacifuwa, kusokonezeka mutu kapena kubvuta kudzutsa.

Mlendo sanali kuloledwa kulowa, koma cifundo cinali kufika. Mbale ya nsima yobvundikira inali kusiyidwa pa khonde, wobweretsayo n'kugogoda n'kubwerera m'mbuyo. Moni anali kuperekedwa pa windo. Akulu akale anati mnzako akapsa ndebvu m'zimire, ndipo m'makomboni anthu anaphunzira kuzimira anzao ataima patali.

Tsiku limene fungo linabwerera

Cizindikiro cimodzi cimene cinadabwitsa anthu ndi kuleka kumva fungo ndi kukoma kwa cakudya. Munthu anali kudya kapenta ngati akutafuna pepala. Kwa ambiri fungo linabwerera patapita milungu yocepa, kwa ena linatenga miyezi. M'mawa umene wodwala anamvanso fungo la anyezi pa mbaula, kapena kudandaula kuti ndiwo zacepa mcere, nyumba yonse inali kudziwa kuti zinthu zayamba kukhala bwino. Dandaulo limene masiku ena likanayambitsa mkangano linalandiridwa ndi kuseka.

Panali zoyamikira zinanso. Atate amene kale anali kufika ana atagona anayamba kudya pamodzi ndi banja. Ana a sukulu za sekondale anasanduka aphunzitsi a ang'ono ao pansi pa mtengo wa mango, kufikira pamene makalasi a mayeso anatsegulidwa pa 1 Juni 2020 ndi ena onse mu Sepitembala caka comweco. Tumadimba twa repu ndi cibwabwa tunaoneka kuseri kwa nyumba. Katemera woyamba atafika mu Epulo 2021, ana ndi adzukulu ndi amene anaperekeza makolo ao ku kiliniki pa njinga.

Izi sizicotsa cisoni. Anthu oposa 4,000 analembedwa kuti anamwalira ndi COVID-19 m'dziko muno, ndipo ambiri anaikidwa m'manda mofulumira, abale ena akumva za mwambo wa maliro pa foni. Malonda anagwa, nchito zinatha, ndipo m'nyumba zina munali njala ndi ndeu. Mabanja otere amakumbukira bwino amene anawatumizira unga, malasha kapena kandalama pa foni pamene kunali kosatheka kukagona pa maliro.

Kuyamikira ndi kusunga cizolowezi

Pa 5 Meyi 2023, bungwe la World Health Organization linalengeza kuti COVID-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale kuti matendawa sanatheretu. Zidebe zambiri za mpopi zinacoka pa makomo, zina zinasanduka zosungiramo unga.

Mu Okutobala caka comweco kolera inabuka ku Lusaka ndi kufalikira m'zigawo zonse khumi. Anthu oposa 700 anamwalira, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Gwero la kolera ndi madzi oipa ndi zimbudzi zosakwanira, nkhani imene makhonsolo ndi Boma ayenera kukonza. Komabe mbali ya banja ndi yomwe ija imene inaphunziridwa mu 2020.

Motero cidebe ndi sopo zibwerere pakhomo, makamaka nyengo ya mvula. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Munthu akayamba kutsegula m'mimba apatsidwe msanga madzi a ORS. Ngati mapaketi palibe, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere zisakanizidwe m'lita imodzi ya madzi aukhondo, wodwalayo azimwa ali pa ulendo wa ku kiliniki. Amene watsokomola milungu iwiri akapimitse TB, ndipo mawindo azitsegulidwa tsiku lililonse.

Cotsiriza, banja lililonse lidziwe okalamba ndi odwala a mu mzere wao wa nyumba, ndi kudziwa amene angawatungire madzi tsiku limene iwo sangathe kudzuka. Amene analandira mbale ya nsima pa khonde mu 2021 akudziwa kale khomo loyambira.